Chaka Chimene Kabichi Ankagwada Masana

Ana anga akandifunsa chifukwa chake sitilima kabichi pomwe dimba lathu silisowa madzi, ndimawayankha kuti nthaka inadwala. Ndi zoona, koma si zonse.

Dzina langa ndine Asiyatu. Ndinabadwira konkuno ku Katuli, koma amayi anga anachokera kutsidya, ku Mozambiki, nthawi ya nkhondo. Nkhondo itatha anzawo ambiri anabwerera kwawo. Iwo anatsala, n'kupempha malo kumtunda kwa dambo, pamene kamtsinje kamatulukira m'miyala. Ndilo dimba lathu. Kumunsi kwake kuli dimba la Abiti Saidi, mayi wamasiye wamsinkhu wa amayi, mbadwa ya m'mudzi muno. Madzi amene amadutsa kwathu ndi omwewo amakafika kwa iwo.

Disembala

Mvula inayamba mochedwa koma inabwera ndi mphamvu. Ine ndi mwamuna wanga, Che Jafali, tinadzala chimanga kumunda wa kumtunda, ndipo chinamera mosangalatsa. Amayi anali atasiya khasu chifukwa cha nyamakazi imene inawatupitsa zala, choncho ankatsala pakhomo ndi ana komanso mbuzi yathu imodzi. Kudimba sitinkapitako kwenikweni. Nthawi ya dzinja dambo limadzaza madzi, limakhala la achule.

Febuluwale

Chimanga chitangoyamba kumasula ngayaye, mvula inadula. Mitambo inkasonkhana cha kumalire, n'kuda bii mpaka anthu kuthamangira kukaanula zovala, kenako inkabalalika osagwetsa ngakhale dontho. Masamba a chimanga anapotana, munda n'kumaoneka ngati tadzala anyezi.

Pamsika mtengo wa chimanga sunkakhala pansi. Ukafunsa popita, pobwerera unkaupeza wakwera. Anthu anasiya kugula pa ndowa n'kuyamba kugula pa mbale, kenako anayamba kulimbirana gaga kuchigayo. Kunamveka kuti galimoto ya chimanga cha thandizo yanyamuka kuboma. Ena amati yawonongeka pachitunda, ena amati yatitimira m'matope, ngakhale kuti matope kunalibe. Kwathu tinkadya kamodzi patsiku. Amayi anayamba chizolowezi chonena kuti akhuta asanayambe n'komwe kudya, mbale yawo n'kukankhira adzukulu.

Epulo

Zimene tinakolola njinga inanyamula ulendo umodzi. Mudzi wonse unatembenukira kudambo. Amene anali asanagwirepo keni yothirira anaigwira chaka chimenecho.

Che Jafali anati tilime kabichi, chifukwa ogula ochokera ku Chiponde amabwera okha mpaka kudimba. Nthawi yofesa nazale tinalibe, choncho anapalasa njinga kukagula mbande kwa munthu wina wogulitsa m'mbali mwa msewu. Anabwera nazo zokulunga m'masamba a nthochi, zobiriwira bwino, mizu yake ili ndi dothi lakudalo la kumene zinachokera.

Kumunsi kwa dimba lathu, pansi pa mkuyu, panali kona imene sitinailimepo chibadwire changa. Nthaka yake ndi yakuda, yonyowa chaka chonse, ndipo inkangomera udzu. Amayi ankati ndi malo a udzu basi, ife osafunsa zambiri. Tsiku limenelo Che Jafali anayamba kulima pomwepo. Amayi, amene anali atatenga nthawi osatsikira kudambo, tinangowaona atulukira ndi ndodo yawo.

"Apongozi, pamenepo ayi," anatero. "Limani kwina konseku."

"Amayi, chaka chino nthaka singagone ife tili ndi njala," anayankha Che Jafali mwaulemu, khasu lili m'manja. "Taonani mmene pakomera apa."

Amayi sanatsutsenso. Anaima pamenepo kuyang'ana khasu likukwera n'kutsika, milomo ikugwedera ngati akunena dua, pemphero lathu lachisilamu. Mbande zoyamba tinazidzala pakona pomwepo, zotsala n'kukwera nazo m'mabedi a kumtunda. Titamaliza, Che Jafali anawoloka malire kukasaka ganyu m'minda ya chinangwa, dimba n'kundisiyira ine.

Meyi

Kabichi anagwira bwino. M'mawa ndikafika ndinkamupeza ataima, masamba ali gwa, mame ali mbuu. Mtima unayamba kukhala pansi.

Tsiku lina ndinachedwa kuweruka chifukwa ndinkapalira. Dzuwa litafika paliwombo, kumzikiti anayamba kuitana swala ya masana. Nditawerama kuti nditole keni, ndinaona kuti kabichi yense wa pakona wagona. Sikunali kufota kwa mbewu yosowa madzi, chifukwa nthaka inali yonyowa mpaka kumata kumapazi. Masamba anali atagwa chafufumimba, onse pamodzi, pomwe wa m'mabedi a kumtunda anali chiimire.

Ndinathirira, ngakhale panalibe chifukwa. M'mawa mwake ndinamupeza wadzuka ngati palibe chinachitika. Masana anagwadanso.

Abiti Saidi anaona ali m'dimba mwawo. "Iwe Asiyatu," anafuula akuseka, "kabichi wakoyo waphunzira kuswali? Watiposa ife tomwe!"

Ndinaseka nawo. Koma masiku akupita, bedi loyandikana ndi kona linayamba nalonso, kenako lina. Ndinayamba kudana ndi nthawi ya masana. Dambo lonse limakhala zii nthawi imeneyo, anthu ataweruka, mbalame zitabisala, kukungomveka madzi m'ngalande. Ndiye uime wekha pakati pa dimba, mbewu zikutsika pang'onopang'ono mbali zonse ngati pali wina amene akuzikoka pansi. Ndinafunafuna mbozi, ndinafunafuna nsabwe m'masamba, osapeza kanthu.

Pomaliza ndinagwira mmodzi wa pakona n'kuzula. Anazuka mosavuta. Kunsi kunalibe mizu ing'onoing'ono ija imakhala ngati tsitsi. Kunali chinthu choyera, chonenepa, chogawikana timphanda totupa m'mfundo, topindikira mkati. Linali dzanja. Ndikudziwa kuti unali muzu, koma chimene maso anga anaona ndi dzanja la munthu, lofumbata dothi. Ndinaliponya pansi. Ndinazula wina, kenako wina. Onse anali choncho.

Juni

Mwera unayamba kuwomba, kuzizira kolowa m'mafupa. Gaga anasowa kuchigayo. Mabanja ena anagulitsa malata a pa nyumba, ena anatumiza atsikana awo kwa achibale kunyanja kuti akadye kumeneko. Chimanga cha thandizo chinafikadi, koma chinathera m'midzi ya kumsewu.

Muzu umodzi ndinapita nawo kunyumba kuti amayi aone. Anaulandira ndi manja awo otupawo, n'kuuyang'ana nthawi yaitali. Sanafunse kuti ndauzula pati. Anaukulunga m'kansalu n'kulowa nawo m'nyumba.

Pofika pakati pa mwezi, repu ndi chayinizi wa Abiti Saidi anayamba kugwada masana, kuyambira m'mbali mwa ngalande yochokera kwathu. Kenako mpiru wa dimba lotsatira. Chinthucho chinkatsika ndi dambo, dimba ndi dimba, ngati munthu woyenda khomo ndi khomo. Chodabwitsa n'chakuti anyezi ndi nyemba, zodzalidwa pambali pomwepo, chinkazilambalala.

Abiti Saidi anasiya kuseka. Tsiku lina ndinawapeza akutchinga malire athu ndi minga.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

Anapitiriza kukokera nthambi.

"Amayi, kodi ndakulakwirani chiyani? Inenso zanga zatha."

Anaweramuka n'kundiyang'ana. Pankhope pawo sindinaonepo mkwiyo. Ndinaonapo mantha.

"Mwanangu, m'dimba mwanumo muli munthu," anatero motsitsa mawu. "Mwamudzutsa. Kafunse mayi ako."

Ndinakafunsa. Amayi anangoti, "Abiti Saidi amayankhula zambiri," n'kutembenukira kukhoma.

M'mudzi nkhani inakula. Ena amati Che Jafali anakatenga mankhwala okhwimira kutsidya ndiye amutembenukira. Ena amati anthu obwera sadziwika bwino zimene anabwera nazo. Mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo chikhalire, ine wobadwira pompano. Kumjigo akazi ankasuntha ndowa zawo ine ndikafika. Kunayamba kumveka zoti dimba la kumtunda libwezedwe kwa eni nthaka.

Julayi

Alangizi a zaulimi anafika pa njinga yamoto, mayi wamfupi wovala majombo. Anawaitana ndi anthu a madimba a kumunsi, ndipo khamu lonse linawaperekeza mpaka kwathu ngati likuperekeza wapolisi. Amayi nawonso anatsika n'kukhala pansi pa mkuyu.

Alangiziwo anazula kabichi mmodzi, n'kuthyola muzu pakati, n'kuununkhiza. Unali utayamba kuwola, fungo lake lonyansa.

"Awa ndi matenda otupitsa mizu," anatero. "Ndinawaonapo kwina. Ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, tokhala m'nthaka. Tikalowa m'mizu, mizu imatupa n'kulephera kukoka madzi. N'chifukwa chake dzuwa likatentha mbewu imagwa, kukazizira imadzuka. Mbande munazitenga kuti?"

Ndinawauza.

"Zinabwera ndi dothi?"

"Eya."

"Mwina ndi mmene tizilomboti tinafikira. Timayenda ndi dothi. Pa mbande, pa khasu, kumapazi, m'madzi a m'ngalande. Zimene zawagwera mayiwa zikanatha kugwera aliyense wa inu."

Bambo wina anafunsa mankhwala opopera. Alangizi anapukusa mutu. Anati mbewu imene yagwidwa yagwidwa. Tizule zonse ndi mizu yomwe, tiwotche, tisataye mumtsinje, tisaike pa manyowa, tisapatse ziweto. Makasu tizitsuka tisanapite nawo munda wina. Tikumbe ngalande zakuya, tikweze mabedi kuti madzi asamadikhe. Laimu amafooketsa tizilomboto koma satitha. Dothi la nazale lizichokera kutali ndi dambo, apo ayi tiziliwotcha kaye, chifukwa moto wokha ndiwo tizilomboti timauopa.

"Ndipo kabichi, repu, chayinizi ndi mpiru ndi pachibale, onse amagwidwa. Muno muiwale za iwo. Dzalani chimanga, nyemba, anyezi."

"Mpaka liti?" wina anafunsa.

"Mwana amene akuyamba sukulu chaka chino akhoza kumaliza pulayimale tizilomboti tikadali m'nthakamu, tikungodikira."

Anthu anang'ung'udza. Mawu akuti kudikirawo sanandisangalatse.

Abiti Saidi anafunsa: "Nanga n'chifukwa chiyani zinayambira pakona paja?"

"Ndi pamene pali ponyowa kwambiri, amayi. Ndiponso mbande zoyamba zinadzalidwa pomwepo."

"Ehe," anatero Abiti Saidi. Sankayang'ana alangizi. Ankayang'ana amayi anga.

Ogasiti

Che Jafali anabwerako atawonda, atanyamula thumba la makaka, chinangwa chouma chija. Ndi chimene chinatisunga mwezi umenewo. Atamva zonse anati tigulitse mbuzi tigule laimu.

Tinazula dimba lonse. Mizu tinaiunjika m'dzenje kumtunda, kutali ndi madzi, n'kuisiya kuti iume. Sindinkafuna kuyang'ana mulu umenewo, manja okhaokha ataunjikana padzuwa. Tsiku lowotcha a madimba ena anabweretsa yawo. Utsi unali woyera, wolemera, sunkakwera kumwamba koma unkakwawa kutsika ndi dambo. Amayi anabwera ndi kansalu kaja, n'kuponya muzu wawo pamoto ndi dzanja lawo. Atatero anandigwira mkono.

"Tiye kumkuyu."

Tinakhala pansi pafupi ndi kona, panthaka yopanda kanthu.

"Ndinali ndi mng'ono wanga," anayamba. "Dzina lake Awetu. Sunamumvepo chifukwa sindinamutchulepo. Tinathawa limodzi mudzi wathu utawotchedwa. Tinayenda m'tchire, iye akudwala m'mimba. Titafika pa kamtsinje aka anati amwe madzi apume. Anamwa, anagona apa, sanadzukenso. Unali usana ngati uno."

Ndinafuna kuyankhula koma anandiletsa ndi dzanja.

"Tinali alendo, tinalowa mozemba, tinkaopa kuti akatipeza ndi maliro atibweza. Mkulu wina amene tinkathawa naye anabwereka khasu pamudzi. Mayi wina wachifundo anatitumizira nsalu. Tinamuika pamenepa, osamusambitsa, popanda shehe, popanda sadaka. Ndinkati zinthu zikakhala bwino ndidzanena. Zitakhala bwino ndinachita manyazi kuti ndakhala chete nthawi yaitali. Ndinangopempha dimba ili kuti ndizikhala naye pafupi."

"Amayi, alangizi aja anati ndi tizilombo."

"Ndinamva. Mwina ndi tizilombo." Anayang'ana zala zawo. "Koma mbuzi ija musagulitse. Ndikufuna sadaka ya Awetu."

Ine ndi Che Jafali tinakambirana nthawi yaitali. Mbuziyo ndiyo inali chuma chathu chotsala. Laimu akanathandiza nthaka, ndipo ana anali ndi njala. Koma ndi iye amene anamaliza nkhani. "Khasu linali langa," anatero. "Mbuzi iphedwe."

Seputembala

Sadaka ya chaka cha njala siisowa anthu. Anabwera ngakhale aja ankasuntha ndowa kumjigo. Shehe anatsika ndi amuna kudambo, anawerenga dua pansi pa mkuyu, ndipo dzina la Awetu linatchulidwa mokweza koyamba m'dziko lino. Pakona anazunguliza miyala. Nyama inali yochepa, aliyense analawa kachidutswa, koma palibe anadandaula.

Abiti Saidi anafika mochedwa atasenza lichero la phulusa. Analitula pamaso pa amayi n'kukhala pamphasa.

"Nsalu ija inali ya mayi anga," anatero. "Amene anaibweretsa kudambo ndine. Ndinali mtsikana nthawi imeneyo. Anandiuza kuti ndikasiye pamwala ndibwerere osayang'ana, koma ndinabisala m'bango ndinaona zonse. Dzanja lake linatulukira kunja kwa nsalu, inu n'kulibwezera. Zaka zonsezi ndakhala ndikulima kumunsi kwa manda amenewo, osauza munthu."

Amayi anawayang'ana. "Munkadziwa kuti ndine?"

"Kuyambira tsiku limene munabwera kudzapempha malo."

Awiriwo analira pamodzi, mopanda phokoso, ngati mmene amalirira akuluakulu.

Phulusa lija linali la kudimba. Alangizi anali atanena kuti popanda laimu phulusa limathandizako pang'ono. Akazi ena ataona anayamba kubweretsa lawo, ndipo tinaligawana madimba onse. Amuna anakumba ngalande imodzi yakuya kuchokera kwathu mpaka kumunsi. Minga ija Abiti Saidi anaichotsa okha. Zoti dimba lilandidwe sizinamvekenso. Tinadzala chimanga ndi nyemba, mbewu yake yopemphapempha.

Novembala

Miyezi iwiri yodikira chimanga ndiyo inali yowawa kuposa yonse. Makaka anatha. Tinkadya mango aawisi ophika ndi masamba a nyemba, ana n'kumagona m'kalasi. Koma chimanga cha kudimba chinakula osagwada, ndipo chakumapeto kwa mwezi tinathyola chachiwisi choyamba. Ana anadya mpaka kudwala m'mimba.

Amayi atadya chawo anati akufuna kupita kwawo, akauze achibale amene atsala kumene Awetu anagona. Anali asanawolokepo malire chibwerere. Sitinawaletse.

M'mawa wa tsiku la ulendo ndinawapeza akumanga kanthu pakona ya chitenje. Linali dothi lakuda, lonyowa.

"Amayi, mwalitenga kuti?"

"Pa Awetu. Ndikukaliika pamanda a mayi athu. Iyenso afike kwawo."

Ndinakhala pansi. Ndinaganiza za madimba a anthu a kumudzi umenewo, anthu amene sindinawaonepo, ndi mvula yoyamba ikukokolola dothilo kutsikira kumtsinje wawo.

"Simungapite nalo chonchi. Mukawatengera matenda."

Nkhope yawo inauma. "Ndiye ndimusiyenso?"

"Ayi. Dikirani."

Ndinatenga phale lokazingira mtedza n'kuliika pamoto. Amayi anazengereza, kenako anamasula mfundo ndi zala zawo zovutazo n'kukhuthulira dothilo m'phalemo okha. Ndinalitakasa ndi kamtengo. Linatulutsa nthunzi ndi fungo la dambo, kenako linauma n'kusanduka lotuwa ngati ufa wa mawere. Ndinapitiriza mpaka phale linayamba kuthetheka. Nthawi yonseyi amayi ankayankhula motsitsa mu Chiyao, osati kwa ine. Ndinamva akuti, "Pirira pang'ono, tikupita." Kenako analimanganso pakona ya chitenje.

Tinawaperekeza mpaka ku Chiponde. Panali phokoso la masiku onse, a njinga zamoto akulimbirana anthu, amalonda akukuwa. Tinawapezera mnyamata wooneka wodekha, n'kumuuza kuti aziyenda pang'onopang'ono. Atakwera, amayi anatenga dzanja langa n'kuligunditsa pa mfundo ya chitenje chawo.

"Tamva," anatero. "Akadali wofunda."

Njinga inanyamuka. Anagwira mnyamatayo ndi dzanja limodzi lokha, linalo lili pa mfundo, mpaka anakhota kuseri kwa magalimoto a katundu.